Mayi anga akukana ulendo wa pa 15 October, ndiwatani abale?

Make Tadala (Chitakale): Mwaswera bwanji amayi anzanga. Ndili ndi kankhani kandisowetsa tulo ndiye ndati ndikatule pa gulupu pompano. Mukudziwa pa 15 October ndi tsiku la anakubala, ndiye ine chiyambire June ndakhala ndikusunga kangachepe mu Mpamba kuti chaka chino ndisangowagulira chitenje ndi shuga ngati zaka zonsezi, ndimafuna ndiwatenge mayi anga tipite kunyanja ku Mangochi tikagoneko masiku awiri, awiriwiri basi opanda ana opanda bambo a Tadala. Mayiwo ali ndi zaka 67, anabadwira konkuno ndipo nyanja amangoimva pa wailesi. Dzulo ndawauza ine kumwemwetera konse, iwo angondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi nkuti "ndalama imeneyo bwanji osagula feteleza, madzi ake ati oti ndikaone, Ruo yu si madzi?" Ndinangoti kakasi. Chikundiwawa nchoti ndikakhala pansi kuganiza zomwe ndinachitapo ndi mayi anga ndimangoona ntchito yokhayokha, kumunda, kuchigayo, kumaliro, kuchipatala. Chithunzi chomwe tili limodzi ndi chimodzi, cha pa ukwati wanga, ndipo iwo akuoneka theka chifukwa malume anaima kutsogolo. Ndiwatani?

Nambewe wa ku Luchenza: Kkkkk achemwali azimayi akwathu kuno anaphunzira sukulu imodzi eti? Anga ndinawagulira nsapato za ku tchalitchi chaka chatha mpaka lero zili mu sutikesi ndi pepala lake, akuti akudikira tsiku labwino

Make Tadala (Chitakale): Ndiye zomwezo, zitenje zonse ndinawagulira zili mu sutikesi zosapinda nkomwe m'mphepete

Mtsikana wa pa Bvumbwe: Ine ndikuona ngati mwalakwitsa ndi kuwafunsa. Munthu wamkulu safunsidwa, mumangobwera ndi galimoto nkuti amayi valani tikupita kukaona wodwala, akadzazindikira muli pa Liwonde kkkk

Make Mphatso: Ayi ayi asisi zimenezo musayerekeze. Mayi anga mutawanamiza chonchi angakhale chete ulendo wonse osakulankhulani, nsima osadya, mubwerako muli adani. Komanso kunamizira matenda kwathu amati nkuitana tsoka

Mtsikana wa pa Bvumbwe: Ndimangocheza inetu

Wa ku Joni: Moni nonse, ndangotuluka kuntchito kumene. Make Tadala inu muli ndi mwayi mumatha kukangana nawo maso ndi maso. Ine chaka chachisanu chino ndili ku Johannesburg, mayi ali kwathu kufupi ndi Thekerani. Zomwe timachita ife mwina museka, Loweruka loyamba la mwezi ndimawatumizira bandulo pa foni ya mdzukulu wawo ndiye timaimbirana vidiyo ndikuphika, iwo amandiuza chochita. Tsiku lina munthu wochokera kumudzi anandibweretsera kalongonda m'kajumbo, ine osadziwa kaphikidwe kake chifukwa ndili mwana ndinkangodya. Anandiyang'anira pa foni kuyambira m'mawa, wiritsa, taya madzi amenewo, chotsa makoko, thira ena, usalawe iwe uzungulira mutu. Netiweki kumangodukaduka, ine kuimbanso, iwo kuyambira pomwe anasiyira kundikalipira. Magetsi ndinatentha tsiku limenelo osanena, koma ndinalira ndikudya

Nambewe wa ku Luchenza: Kalongonda pa magetsi a ku Joni? Mwalemera achemwali kkkk. Kwathu amayatsa chitsa chonse, kuteleka m'mamawa kudzadya dzuwa litapendeka

Make Mphatso: Ndipo kalongonda ndi amene amasunga mwana wamkazi pafupi ndi mayi ake tsiku lonse, sungachoke pamoto. Nkhani zonse za m'banja mwathu ndinazimvera pa mphika wa kalongonda, yemwe anakwatiwa ndi ndani, yemwe anathawira ku Mozambique, chifukwa chake agogo aamuna anachoka pa chikamwini usiku osatsanzika

Anganga a ku Chonde: Ana inu ndakhala ndikuwerenga, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera chifukwa maso avuta. Make Tadala mwananga, ine ndine msinkhu wa mayi akowo, ndiye ndikuuzeko za kumbali yathu. Tikamati gula feteleza sikuti nyanja sitikuifuna ayi. Choyamba timaopa mkamwini, kuti mumtima azinena kuti ndalama za ana ake zikuthera apongozi kukasamba kunyanja. Chachiwiri anthu pamudzi, ukabwerako amayamba kukubwereka ndalama poganiza kuti kwanu zilipo zotaya, ukawakaniza ndiye wayamba kunyada. Chachitatu sitinena kwa ana athu chifukwa cha manyazi, thupi la nkhalamba silifuna ulendo wautali, pa minibasi sungauze kondakitala katatu konse kuti imani ndikataye madzi, komanso mawondo akapindika maola ambiri kudzuka kwake nkwa misozi. Ndiye timangoti feteleza kuti nkhani ithe msanga

Make Tadala (Chitakale): Anganga mwandilasa mtima. Za minibasizo sindinaziganizireko ngakhale pang'ono, chonsecho ndikudziwa kuti usiku amadzuka kangapo

Anganga a ku Chonde: China, ife sitinazolowere kulandira. Moyo wonse takhala opereka, ndiye mwana akati khalani apa ndikuchitireni timasowa poika manja. Iwe usawauze kuti ndikufuna ndikakuonetseni. Uwauze kuti amayi kandionetseni. Uona okha ayamba kufunafuna mpango

Make Mphatso: Eeee akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto zoona

Mtsikana wa pa Bvumbwe: Koma anganga akawaonetse chani poti zonse za pamudzi Make Tadala akuzidziwa kale

Anganga a ku Chonde: Akudziwa pomwe unakwiriridwa mchombo wake? Akudziwa chitsime chomwe mayi ake anakumanirana ndi bambo ake? Mufunseni

Make Tadala (Chitakale): Sindikudziwa zonse ziwiri, manyazi andigwira

Mlongo wa ku Likhubula: Ndilowererepo. Ngati vuto ndi mtunda bwanji osayamba ndi zapafupi, anthu amachoka ku Ulaya kudzaona phiri la Mulanje lomwe ife timangolipatsa nkhongo tikamalima. Chaka cha 2025 a UNESCO analiika m'gulu la malo ofunika a dziko lonse lapansi koma mukafunsa azimayi a m'tsinde mwake muno ambiri anakwerako kukatola nkhuni basi, kuthamangitsana ndi alonda a nkhalango, osati kukakhala pansi nkupuma. Sindikunena za Sapitwa ayi, uko ndi mamita 3,002 ndipo anthu amagona m'njira, komanso mayi anu atangomva dzinalo akana poti amakhulupirira za mizimu ija yoti ukapeza chakudya m'phiri uzingodya wekha osaitana mnzako. Ndikunena pa Dziwe la Nkhalamba, kuchoka pa Likhubula munthu wamphamvu ndi ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. October ndi nthawi yake chifukwa kunja kukutentha koma madzi ake ozizira ngati a mu fuliji, mvula ikayamba miyala imaterera ndipo madzi amakhala aukali. Ine ndinapita ndi mayi anga ndi mwana wanga wamkazi, tinanyamula mbatata yootcha, nanazi awiri ndi thobwa m'chigubu. Mayi anakana kulowa m'madzi, anangokhala pamwala nkuviika mapazi, kenako tinangoona ayamba kuimba nyimbo ya Chilomwe yomwe sindinaimvepo chibadwire. Mwana wanga mpaka lero amaiimba molakwitsa mawu

Nambewe wa ku Luchenza: Kutengera nkhalamba ku Dziwe la Nkhalamba, akakafunsa kuti ukutanthauza chani muyankha bwanji kkkkk

Mlongo wa ku Likhubula: Kkkk anafunsadi, anati ndiye wandibweretsa kwathu eti

Make Tadala (Chitakale): Maganizo abwino koma chitunda chija ndi mawondo awo sindikudziwa, amapuma kawiri pochoka kuchigayo

Make Mphatso: Kapena ku Mulhako pa Chonde, nawonso umachitika mu October momwemu. Azimayi akuluakulu akamva ng'oma ya tchopa mawondo amachira okha, ndinaona ndi maso anga mayi anga omwe amayenda ndi ndodo ataiponya uko

Anganga a ku Chonde: Amachira tsiku lomwelo, mawa lake ndi ife tomwe tikubuula

Osatchula dzina: Pepani ndisokoneze chisangalalo. Nkhani ngati izi zikamabwera pa gulupu ena timangowerenga chamumtima. Si tonse tili ndi mayi woti nkukhala naye pamkeka nkumaseka. Anga anandisiya kwa agogo ndili ndi zaka 4 nkukakwatiwa kwina, anabwerera ndili ndi ana anga kale, pano akudwaladwala ndipo ndine amene ndikuwasamala chifukwa ana a banja linalo ali ziii. Ndimawaphikira, ndimawachapira, koma tikakhala awiri nkhani imasowa, timangomvera wailesi. Anthu amangoti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, zoona, koma amene amanena mwambiwo sanagonepo ndi njala mayi ake ali moyo kwinakwake. Ndiye zokumbukira zabwino ndizitenga kuti ine

Wa ku Joni: Achemwali pepani. Palibe amene angakuweruzeni apa

Mtsikana wa pa Bvumbwe: Koma kukhululuka nkofunika asisi, mawa akadzapita mudzanong'oneza bondo

Osatchula dzina: Ndinadziwa kuti wina anena zimenezo. Munthu ndikuwasambitsa tsiku ndi tsiku, kukhululuka kwina kukhale kotani?

Make Mphatso: Mtsikana wa pa Bvumbwe apa mwafulumira. Tisamathamangire kulalikira munthu asanamalize kulira

Mtsikana wa pa Bvumbwe: Pepani asisi sindinalankhule bwino

Anganga a ku Chonde: Mwananga wosatchula dzina, sindikuuza kuti uwakonde, zimenezo sizilamulidwa. Koma wailesi mukumvera limodziyo usaipeputse. Mwina nawonso mawu ali pakhosi akusowa potulukira. Tsiku lina mukusenda nandolo, maso ali pa lichero osayang'anana, udzangofunsa kuti tsiku munkachoka lija kunja kunali bwanji. Akayankha ayankha, akapanda kuyankha nandolo ndiye mwasenda

Osatchula dzina: Ndamva anganga. Sindikulonjeza

Make Chikondi (Thyolo boma): Ine ndingopempha chinthu chimodzi kwa nonse amene mayi anu alipo, ajambuleni mawu. Zithunzi nzabwino koma mawu ndi ena. Mayi anga anatisiya mu 2021 ndipo chomwe ndatsala nacho ndi voisi noti imodzi ya masekondi 40, akundikalipira kuti ndinaiwala kubweza beseni lawo lomwe ndinatengera ufa. Nthawi imeneyo inandinyansa mpaka sindinayankhe. Pano ndimaimvera ndikatopa, kumapeto kwake kumamveka tambala akulira ndi iwo akuuza mwana kuti tseka chitseko nkhuku zilowa. Ndinaitumiza ku mafoni atatu ndi ku imelo ya mwana wanga kuopa kuti foni ingabedwe. Beseni lija lilipo, sindiwotchera madzi kapena kuchapiramo

Nambewe wa ku Luchenza: Mwandiliza Make Chikondi ndili mu minibasi anthu akundiyang'ana

Make Yamikani (Muloza): Zosunga malo angapozo nzoona. Ife namondwe wa Freddy atabwera mu March 2023 madzi analowa m'nyumba usiku, tinathawa ndi zovala za m'thupi basi. Tonse tinapulumuka, Mulungu ngwabwino, koma alubamu ya mayi yomwe munali zithunzi za ku situdiyo za m'ma 1980, iwo atavala diresi la madontho ndi ine ndili pamiyendo, tinakaipeza m'matope zithunzi zitamatana, ukati umatule nkhope imatsalira mbali inayo. Mayi analira alubamu kuposa mbuzi. Ndiye amene muli ndi zithunzi zakale zijambuleni ndi foni lero lomwe, musati mawa

Wa ku Joni: Ndikuuza mdzukulu uja achite zimenezo Loweruka

Make Tadala (Chitakale): Abale zikomo nonse, sindinayembekezere kuti nkhani ifika uku. Ndaganiza zotsatira mawu a anganga. Mayi anga anathyola tiyi zaka zambiri pa esiteti ina kuno ndisanayambe sukulu, koma sanandiuzepo zambiri, amangoti inali ntchito. Mawa ndikawafunsa kuti akandionetse komwe ankagwira

Make Chikondi (Thyolo boma): Mukatero mudzawatengereko tsiku lina ku Satemwa kuno, esiteti yakale ija ya 1923, alendo amalawako tiyi wamitundumitundu. Anthu amene anathyola tiyi moyo wawo wonse ambiri amangodziwa wa mu paketi wothira shuga masipuni atatu

Nambewe wa ku Luchenza: Akakawapatsa wopanda shuga akakafunsa kuti kodi kuno kuli maliro kkkk

Admin: Amayi amene mukutumiza malonda a zitenje pakati pa nkhaniyi ndafufuta, tsiku la malonda ndi Lachisanu. Make Tadala mudzatiuze momwe zidzayendere

*16 October*

Make Tadala (Chitakale): Ndabwera ndi lipoti monga ndinalonjezera, mundipirire ndi lalitali. Nditawafunsa tsiku lija anayamba ndi kukana, akuti kuli chani kumeneko masamba okhaokha. Ndinangoti chabwino. Patapita masiku awiri anditumizira mwana kuti kafunse amako ngati ulendo uja ulipobe. Dzulo 6 koloko m'mawa ndikufika ndapeza asamba kale, atulutsa chitenje chimodzi mwa za mu sutikesi zija, cha 2019, chikununkha mankhwala a njenjete. Tinakwera njinga zamoto ziwiri, iwo kumukalipira wa kabaza njira yonse kuti achepetse liwiro. Titafika pa njira yodutsa m'minda ya tiyi anatsika nkuyamba kuyenda patsogolo ngati mtsikana, ine ndi chikwama pambuyo wefuwefu. Analoza pomwe pankakhala sikelo, pomwe kapitawo ankaima, ndi khwawa lomwe ankatsukako m'manja. Kenako anaima pa tchire la tiyi la m'mphepete mwa njira nkundionetsa kathyoledwe, masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri nthawi imodzi nkumaponya kumsana ngati dengu lilipo. Zala zomwe zimalephera kumanga batani la bulauzi zija abale, zinkathamanga ngati makina. Ine nditayesa anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti ukanagwira ntchito imeneyi ana ako akanafa ndi njala

Make Mphatso: Kkkkk pitirizani tikumva

Make Tadala (Chitakale): Ndiye anandilondolera pa mtengo wina waukulu m'mbali mwa msewu wafumbi nkuti apa ndi pomwe ndinkakugoneka. Akuti nthawi ya mvula tiyi akachuluka ankalawira kusanache, ine kumsana, akafika ankayala chitenje pansi pa mtengowo nkusiya mtsikana wa mnzawo wa zaka 7 kuti azindiyang'anira, akamva kulira ankathamanga kudzandiyamwitsa chiimire nkubwerera. Tsiku lina linthumbu linandizungulira, anandipeza ndikulira thupi lonse nyerere, anandivula nkundithamangira nane kukhwawa, ndipo tsiku limenelo dengu silinadzaze. Akuti kachipsera kali kuseri kwa khutu langa si ka linthumbu ayi, nkomwe anandikanda ndi chikhadabo pochotsa nyererezo mwamantha. Zaka 41 ndakhala nako kachipsera kameneka osadziwa. Tinakhala pansi pamenepo, ndinatsegula foni monga ananenera Make Chikondi nkuiika pa chitenje, analankhula mphindi 52, za bambo anga, za mwana wawo woyamba amene anamwalira ine ndisanabadwe yemwe dzina lake ndalimva dzulo koyamba. Pena ankasiya nkumangoyang'ana kuphiri. Sindinawafunse mafunso ambiri, ndinkaopa kuti asiya

Make Chikondi (Thyolo boma): Itumizeni kwina lero lomwe chonde

Make Tadala (Chitakale): Ndatumiza kale kwa mchemwali wanga ku Blantyre ndi kwa Tadala. Pobwerera tinaima pa Chitakale ndinawagulira tchipisi ndi nkhuku, anadya theka theka linalo anakulunga kuti akapatse adzukulu ngakhale ndinawaletsa. Tinalowanso mu situdiyo, wojambula anajambula kanayi ndipo monse muli chovuta, kawiri atsinzina, kamodzi akuyang'ana kumbali, komaliza akundikonza kolala. Ndatsukitsa komalizako. Ndipo feteleza ndagula abale musandifunse, ndalama ya ku Mangochi yathera komweko

Nambewe wa ku Luchenza: Kkkkk ndiye apambana ndi iwo, ulendo adya feteleza alandira

Osatchula dzina: Ndawerenga zonse. Ife tinasenda nandolo Lamlungu. Sindinafunse funso lija koma iwo okha anati unkakonda nandolo wa makata uli mwana. Sindinadziwe kuti amakumbuka chilichonse

Anganga a ku Chonde: Nandolo sanathe m'munda mwananga

Make Tadala (Chitakale): Ndaiwala china. Madzulo ndikutsanzika anandiperekeza mpaka pa msewu, zomwe sachita, ndiye ali kodi nzoona zoti nyanja ija tsidya lake silioneka? Ndati eya malo ena silioneka. Angoti hmm, Ruo tsidya timaona anthu a ku Mozambique akuchapa. Nkutembenuka kumapita

Wa ku Joni: Yambaniponi kusunga achemwali, ya mafuta ndithandizako ine

Anganga a ku Chonde: Mudzapeze galimoto yoti ikhoza kuima pomwe iwo anena. Ndipo ngati mpando ulipo wotsala mundiuze, nanenso sindinaione